Asisi a mapasa, ayambe ayeza khomo la chiberekero

Asisi, ndangoona zomwe mwalemba muno mu gulu za mimba ya mapasa ndi progesterone, mankhwala oika kumusi othandiza kuti ana asabadwe masiku asanakwane, mtima wachita kuti myu. Musanathamangire ku famase bwererani mukawafunse adokotalawo: khomo la chiberekero analiyeza? Apeza mamilimita angati? Amayeza ndi sikani yolowetsa kumusi ija, osati yapamimba, pakati pa masabata 16 ndi 24. Likakhala 25 kapena kuchepera apo ndiye amati lafupika, ndipo mpamene mankhwalawo angathandizeko. Ngati khomo lili bwinobwino, kungoti poti ndi mapasa ikani, sizigwira. Ku UK mu 2009 anayesa pa amayi 500 a mapasa, oika ndi osaika anachira nthawi zofanana basi.

Ine palibe anandiyeza. Kusikelo ndinkadandaula msana, ndinkati pansipa pakulemera ngati mwana akufuna kugwa, nesi wake osadzutsa ngakhale mutu, akuti mapasa amatero, inu obwera mumangodziwa kubereka. Ndinachita kukongola ndalama kuchipereganyu kupita kwa dokotala wolipira, ndiye anapeza khomo latsala 18. Anandipatsa timakapisozi ta progesterone toika kumusi usiku uliwonse pogona. Ndinkaika mokhulupirika, kabudula wamkati kuchita kuyera mbuu m'mawa, osadandaula.

Masabata 29 nsupa inaswekera mu takisi. Ndikuchokera kuntchito ku Randburg, Lachisanu, mvula ya Joni ija ya mabingu, takisi yodzaza. Ndinangomva kutentha m'miyendo, madzi kuyenderera mpaka mu nsapato, bambo amene ndinayandikana naye kusuntha miyendo osayankhula kanthu. Dalaivala akukalipa za mpando wake. Kuchipatala anandikhazika pa benchi ya chitsulo, chitenje chili nyowe, mano akugundana, kalaliki akufuna pasipoti, pemiti, kalata ya kumene ndimakhala. Ine matenda akundipotokola, ndagwira mwendo wa benchi, iye akuwerenga deti la pemiti ndi chala! Bambo a kunyumba ali pa shifiti ya usiku, foni yawo mu loka. Amene anandipulumutsa ndi mayi wina wokolopa, anaponya mopu pansi n'kukakoka dokotala pa mkono. Kalaliki ameneyo mpaka lero ndikamukumbukira ndimasiya kudya.

Anandibaya jakisoni wokhwimitsa mapapo a ana, betamethasone. Amabaya awiri motalikirana maola 24, ine wachiwiri sindinamupeze, ana anali atatuluka kale. Wamkazi 1.2 kg, wamwamuna sanafikepo n'komwe, kadzanja kake konse kosakwana chala changa chachikulu. Iyeyo anakhalitsa pa makina opumira, ine ndikufinyira mkaka m'kakapu n'kumawapatsira m'kapaipi ka m'mphuno. Pano ali kusukulu onse awiri, wamwamunayo ndiye wovuta kuposa mlongo wake. Madamu anga, tisaiwale, anandilowetsera munthu wina ndili m'chikuta, uthenga wake pa WhatsApp.

Ndiye inde, ine progesterone sanandifikitse pa masiku anga. Koma inu ngati khomo lafupikadi ikani, musadumphe usiku ngakhale umodzi, mwina popanda iyeyo ine ana akanatuluka pa masabata 25. Aja akuti kabayitseni jakisoni wa progesterone wa sabata ndi sabata uja, ayi, pa mapasa sanaonetsepo phindu, ndipo ku America anamuchotsa pamsika mu 2023. Zogona pabedi tsiku lonse nazo sizitseka khomo, koma zochapa mabulangete a madamu siyani.

Ndipo pitani ku boma komweko, musathere ndalama kolipira. Mapasa amayenera kukutumizani kuchipatala chachikulu chokhala ndi chipinda cha ana osakwana masiku, osati kukusungani ku kiliniki, chifukwa mapasa oposa theka amabadwa masabata 37 asanakwane. Akayamba za mapepala auzeni kuti khoti lalikulu la Johannesburg linagamula mu Epulo 2023 kuti oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 athandizidwe ulere posayang'ana kwawo. Chikwama longedzeranitu pofika miyezi isanu ndi umodzi, khadi la sikelo lizikhala m'thumba ngakhale popita kugolosale. Mimba ikamauma pafupipafupi, msana ukamabwera n'kupita, kapena mukaona madzi kaya magazi, musalembe muno mu gulu, kwerani Uber.