Buku la CG125 lisungeni, koma yambani mwaiona bwino injini yanu

Achimwene a ku Chitakale, mwati mwagula ku Limbuli njinga yamoto ya ku China yomwe inakhalitsa osayenda, ilibe buku lake, ndipo mnzanu wakutumizirani pa WhatsApp buku la Haynes la Honda CG125. Mukufunsa ngati mungalidalire kuti muidzutse nokha pakhomo. Ine ndikuti lisungeni, ndi buku labwino, koma si tsamba lililonse lomwe likukamba za njinga yanuyo.

Njinga zambiri zomwe anyamata a kabaza akuyendetsa kunozi, injini zake anachita kutengera pa CG125 yomwe Honda inatulutsa m'zaka za m'ma 1970. N'chifukwa chake bukulo limagwira ntchito. A Haynes ndi kampani ya ku England, ndipo polemba mabuku awo amachita kuimasula njinga yonse n'kumajambula gawo lililonse. Munthu wokonzera pakhonde amapindula nalo kuposa buku la ku fakitale, poti la ku fakitalelo analembera amakaniko ophunzira kale, okhala ndi zida zonse.

Musanagwire sipanala, pukutani injini kumanzere, m'munsi chapafupi ndi popondera magiya, muwerenge nambala yodindidwa pamenepo. Ikayamba ndi 156FMI ndiye kuti injiniyo ndi ya 125cc, ikakhala 162FMJ ndi ya 150cc. Nambalayo payokha siikwanira ayi. Yang'anani kumutu kwa injini. CG yeniyeni ilibe timing chain (tcheni choyendetsa mavalavu), mavalavu ake amakankhidwa ndi timitengo tiwiri tachitsulo tochokera pansi. Mukaona kachivindikiro m'mbali mwa mutuwo komwe kamabisa sipuroketi ya tcheni, injiniyo ndi ya mtundu wina, ndipo gawo lonse la m'buku lokamba za mavalavu si lanu. Anzathu a Bajaj Boxer ndi TVS omwe akuwerenga pano, inunso bukuli si lanu, fufuzani la njinga zanuzo.

Injini ikakhala ya CG, apa ndiye bukulo likhulupirireni ndi mtima wonse pa ndondomeko: choyamba kumasula n'chiti, washa uyu akhala pati, gasiketi ilowa bwanji. Likuonetsani zinthu zomwe ambiri amangozidumpha. Mwachitsanzo, injini imeneyi ilibe fyuluta ya pepala ya oyilo. Ili ndi kasefa kawaya kuseri kwa chitsekero chachikulu kumanzere, komwe kamatuluka limodzi ndi sipuling'i mukamakhetsa oyilo. Kasefako mukakatulutsa mu njinga yokhalitsa mupeza kadzaza phala lakuda ndi tizidutswa ta gasiketi. Katsukeni, muone mbali yomwe kanayang'ana, mukabwezere chimodzimodzi. Chitsekerocho n'chofewa, chimangidwe mwaulemu. Kumanja, mkati mwa chivindikiro cha kilatchi, mulinso kachitini kozungulira komwe kamakola zinyalala za mu oyilo, ndipo pa njinga zambiri za kabaza sikanatsegulidwepo chigulire.

Potchera mavalavu tsatiraninso bukulo. Injini ikhale yozizira, makamaka m'mawa isanalizidwe. Zunguzani mpaka chilembo cha T chionekere pa kabowo ka kumanzere, mavalavu onse awiri ali otseka, kenako muyeze mpata ndi feeler gauge, kachida ka timasamba tachitsulo topyapyala toyezera mpata. Pa Honda CG125 mpatawo ndi 0.08 mm. Kachida kameneka n'kotsika mtengo ndipo ndikukupemphani kuti mukagule ndithu, musamatchere ndi khutu. Valavu yothina kwambiri siichita phokoso, imangopsa mwakachetechete, njinga n'kuyamba kuvuta kuliza ikatentha. Ngati yanuyo ndi 150, ndondomeko ndi yomweyo koma manambala a pisitoni, maring'i ndi majeti a kabuleta musatenge m'bukumo.

Pomwe sindikufuna mulikhulupirire msanga ndi pa magetsi. CG125 inapangidwa zaka zambiri ndipo inkasintha: zoyambirira zinali za 6 volts ndi mapointi otulutsira moto wa pulagi, zapambuyo pake 12 volts ndi CDI, kabokosi kogwira ntchito yomweyo. Mafakitale a ku China nawonso aliyense amalumikiza mwake, kuphatikiza apo njinga yogula kwa munthu imakhala kuti mawaya ena anadulidwadulidwa kale n'kulumikizidwa ndi tepi. Mtundu wa waya wa pa chithunzi ukhoza kusiyana ndi womwe uli m'manja mwanu. Jambulani pa foni musanazule chilichonse, ndipo waya aliyense mumutsate ndi maso kapena ndi mita yoyezera magetsi mpaka komwe akuthera. CDI imapsa mukangophonya kamodzi kokha.

Chinanso ndi nthawi yosinthira oyilo, yotsuka sefa ya mpweya ndi yothira mafuta pa tcheni. Makilomita olembedwawo anawerengera munthu mmodzi woyenda pa tala. Inu muzidutsa m'misewu ya m'minda ya tiyi, fumbi la Okutobala, matope a dzinja, chiperoni chikunyowetsa tcheni m'nyengo yozizira, mwinanso kumbuyo kuli thumba la chimanga kapena nanazi. Nthawizo zifupikitseni, ndipo oyilo muzimuona pa kamtengo kake m'mawa uliwonse, poti injini imeneyi imangonyamula pafupifupi lita imodzi basi. Bukulo silidziwanso petulo wathu. Wa pa filling station kuno amasakaniza ndi ethanol, yemwe amakoka chinyezi akakhalitsa, ndipo wa m'mabotolo m'mbali mwa msewu amabwera ndi zake. Poti njinga yanu inakhala, khuthulani thanki, muunike ndi tochi ngati muli dzimbiri, mutsuke kabuleta, muikenso kafyuluta kakang'ono pa paipi ya petulo musanayese n'komwe kuiliza.

Pa kamangidwe ka mabawuti, manambala a m'buku ndi olondola koma amafuna torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomwe mukumangira. Ngati mulibe, kumbukirani kuti timabawuti ta pa zivindikiro timalowa mu aluminiyamu, ndipo mazinga ake amatha mosavuta. Gwirani sipanala chapafupi ndi mutu wake, osati kumapeto. Manati a kumutu kwa injini okha bwerekani chidacho, mumange mopingasa pang'onopang'ono monga bukulo likunenera. Likanena kuti pakufunika chida chapadera, monga chokokera flywheel (gudumu lolemera lozungulira kumanzere kwa injini), musalowetse hamala m'malo mwake. Pitani nayo kwa makaniko yemwe ali nacho, mukhale pambali muzionerera, mumulipire. Mabuleki nawo, ngati n'koyamba kuwagwira, wina wodziwa awaone musanatsike nayo chitunda chilichonse.

Onaninso ngati zomwe mwalandirazo zili zathunthu. Mabuku oyenda pa foniwa kawirikawiri amasowa masamba, ndipo zithunzi zimada moti washa saoneka. Masamba a mavalavu, kabuleta ndi kilatchi kawasindikizeni pa Chitakale pomwepo, muwaike m'pulasitiki, chifukwa foni ndi manja a girisi siziyenderana. Pokagula masipeya, kaya pa boma kaya ku Limbe, nyamulani chakalecho mukayerekeze pa kauntala, musangotchula dzina la m'buku.

Tumizani chithunzi cha nambala ya injini ndi cha mutu wake mbali zonse ziwiri, tikuuzeni ngati ili CG musanamasule bawuti ngakhale imodzi.