Ma BMC anayi mu chassis imodzi: musapereke ufumu kwa node

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga. Mwati muli ndi chassis (bokosi la ma seva) ya msinkhu wa 2U yokhala ndi ma node anayi (ma seva osololeka), iliyonse ndi BMC yake (kakompyuta kakang'ono ka pa bolodi koyang'anira seva kudzera pa netiweki), mafani akumalira mosalekeza, uthenga wa power supply (chipangizo chopereka magetsi) ukumabwera kanayi, ndiye mukuganiza zoika BMC ya node yoyamba kuti izilamulira atatu enawo. Langizo langa ndi lakuti musatero.

Node ndi chinthu chimene chinapangidwa kuti chizizulidwa anzake akugwirabe ntchito. Tsiku limene mudzaisolole kuti musinthe memory, BMC yake idzatuluka nayo limodzi, ndipo ma node atatu otsalawo adzakhala opanda wowayang'anira pa nthawi imene inu muli ndi manja m'makina. Choyamba siyanitsani zinthu. Purosesa, memory, kuyatsa ndi kuzimitsa, komanso console ndi za node payokha, ndipo BMC yake iziona zimenezo. Mafani ndi ma power supply ndi zogawana. Chogawana chilichonse chimafuna mwini mmodzi, ndipo mwiniyo azikhala mu chassis, mbali imene sichoka.

Mwiniyo nthawi zambiri amakhala alipo kale, kungoti saoneka. M'makina akuluakulu a blade (ma seva opyapyala olowetsedwa ambiri m'bokosi limodzi) amadziwika bwino: Dell M1000e ili ndi CMC, HPE c7000 ili ndi Onboard Administrator, ndipo zonse ziwiri zimalola kuika awiri, wina kugwira ntchito wina kudikirira. M'ma chassis ang'ono ngati yanuyo kawirikawiri kamakhala kachipangizo kakang'ono pa bolodi ya magetsi kapena ya mafani, kopanda doko la netiweki, kolankhulana ndi ma BMC kudzera pa mawaya a I2C. BMC iliyonse imakauza mphepo imene node yake ikufuna, iko nkutsatira amene wapempha yambiri. Kakasiya kumva kuchokera kwa mmodzi, kamangothamangitsa mafani mpaka pamapeto, chifukwa phokoso silipsereza purosesa.

Ndiye mafani anuwo sakulira chifukwa chosowa bwana. Pali node imodzi imene ikupempha mphepo yambiri, kapena yangokhala chete. Lowani mu BMC iliyonse muyerekeze ma sensor a kutentha. Fufuzani sensor yosaonetsa nambala, khadi yowonjezera ya PCIe imene firmware (pulogalamu ya m'kati mwa BMC) sikuidziwa, kapena BMC imene firmware yake yatsalira kusiyana ndi anzake. Onaninso ngati malo opanda node kapena opanda disiki ali ndi chotsekera chake, poti mphepo imathawira pamene pali mpata. Mukapeza BMC yokakamira, iyambitseninso yokha. Pa ma seva ambiri zimenezi sizizimitsa node, koma mafani amakuwa kwa kanthawi mpaka itadzuka.

Za uthenga wobwera kanayi, palibe chawonongeka. Ma BMC onse akuona power supply imodzimodziyo, aliyense nkulemba mu log yake. Kokonza ndi ku pulogalamu yanu yolandira mauthenga: iziwaphatikiza potengera serial number ya chassis. Pa njira ziwiri zolankhulira ndi BMC pa netiweki, Redfish ndi IPMI, apa mpamene Redfish imaposa IPMI. IPMI inayamba mu 1998, pamene seva imodzi inali bokosi limodzi, pomwe Redfish, imene bungwe la DMTF linatulutsa mu 2015, imalekanitsa Systems, Chassis ndi Managers. Tsegulani /redfish/v1/Chassis pa node iliyonse muone gawo la Links. ContainedBy ikuuzani bokosi limene node ikukhalamo, ManagedBy ikuuzani woiyang'anira. Opanga ena sadzaza zonsezi mokwanira, choncho werengani kaye ndi maso musanalembe script. Ndipo ikani NTP (seva yolinganiza mawotchi) imodzi ndi nthawi ya UTC pa onse anayi. Mawotchi akasiyana ngakhale ndi mphindi zitatu, simungadziwe chimene chinayamba, kaya ndi magetsi kapena kutentha.

Pamene anthu ambiri amapunthwa ndi pa magetsi. Tinene kuti muli ndi ma power supply awiri a 2000 W. Ngati mukufuna kuti ina ikafa makina asazime, mphamvu imene muli nayo ndi 2000 W, osati 4000 W, ndipo pamenepo muchotsepo ya mafani ndi ma disiki musanagawire ma node. BMC iliyonse imangodziwa node yake. Masamu a onse anayi ndi a kachipangizo ka chassis kaja kapena anu. Mukamaika malire a magetsi, chida cholemba chikhale chimodzi chokha. Script yanu ikamalemba china, pulogalamu ya opanga nkumalemba china, malirewo azingosinthasintha ngati chitseko chimene anthu awiri akukankha mbali zosiyana. Redfish ili ndi ETag, chizindikiro chimene chimasintha wina akasintha zolembedwazo: mumawerenga kaye, kenako polemba mumatumiza If-Match, ndipo ngati wina wasintha pakatipo BMC imakana. Gwiritsani ntchito pamene zikutheka. Muikenso kuchedwa kosiyana pa kuyaka kwa ma node magetsi akabwerera, asadzukire limodzi.

Ndikumvetsa chimene chikukukopani, ndi kufuna adiresi imodzi m'malo mwa zinayi. Zimenezo zilipo ndipo zimatchedwa aggregation. Mu OpenBMC, firmware ya BMC yotseguka kwa onse imene inalowa pansi pa Linux Foundation mu 2018, pulogalamu ya Redfish yotchedwa bmcweb imatha kusonkhanitsa zochokera kwa ma BMC ena nkuzionetsa pamalo amodzi. Koma kusonkhanitsa si kulamula, ndipo njira yofikira BMC iliyonse mwachindunji izikhalabe yotsegula, kuti wosonkhanitsayo akagwa muzithabe kuzimitsa node yokakamira. Wina m'gulu muno atchula makina a Facebook otchedwa Yosemite, mmene BMC imodzi imasamalira ma seva anayi. Ndi zoona, koma onani pamene BMC imeneyo ili: pa bolodi yogawana, ndipo khadi ya seva iliyonse ili ndi kachipangizo kake kotchedwa Bridge IC. Anazikonza choncho kuyambira pa mawaya. Inu simungazipange ndi script. Kwa makina anu, kompyuta yapadera kunja kwa chassis yofunsa ma BMC onse pa Redfish ndi yokwanira.

Pa firmware, pitani node imodzi imodzi, ndipo muwerenge zimene opanga alemba za dongosolo lake, chifukwa nthawi zina BMC yatsopano imafuna kuti ya chassis ikhale yatsopanonso. Ya chassis imakhudza onse anayi, ndiye muisankhire nthawi yoti ntchito ikhoza kuima.

Musaiwale kutseka khomo. Ma BMC akhale pa VLAN (gawo lapadera la netiweki) yawoyawo, osafikika kuchokera pa intaneti. IPMI 2.0 ili ndi chilema chimene chinadziwika mu 2013: aliyense wofika pa doko la UDP 623 angapemphe hash ya pasiwedi (pasiwedi yobisidwa mwa masamu) asanalowe nkomwe, nkukaiswa payekha. Chilemacho chili mu ndondomeko yeniyeniyo, choncho ngati simukufuna IPMI pa netiweki, itsekeni. Pasiwedi ikhale yosiyana pa BMC iliyonse, apo ayi kuswa imodzi ndi kutenga chassis yonse.

Tumizani mtundu wa chassis yanu, firmware ya ma BMC anayiwo, ndi zimene /redfish/v1/Chassis ikuonetsa pa node ziwiri, mutachotsamo ma adiresi ndi ma serial number. Tiyambire pa kupeza node imene ikukuwitsa mafaniyo.