Achimwene, kalavaniyo musaigulitse msanga

Achimwene, pepani kwambiri ndi zomwe zinakuonekerani, ndipo tithokoze Mulungu kuti nonse munabwerako amoyo, ana osavulala. Kwa amene simunawerenge funso lonse, nkhani ndi iyi: abale athuwa anagula kalavani (kanyumba kogonamo kokokedwa ndi galimoto) yakale, ananyamuka ku Leicester kupita ku Cornwall mu Ogasiti, ndipo tayala la kalavani linaphulika pa M5 (motorway, kapena kuti msewu waukulu wa magalimoto othamanga, wa ku England) atangodutsa Bristol. Kampani yomwe amalipirako chithandizo cha pamsewu inawauza kuti iyo imaona za galimoto yokha. Pobwerera injini inatentha pachikweza. Pano alamu, akazi awo, akuti chinthuchi chigulitsidwe, ndipo achimwene akufunsa ngati linali tsoka chabe kapena za makalavanizi si zathu.

Ine ndikuti musagulitse mtima udakali m'mwamba chonchi. Mavuto atatu onsewa ali ndi gwero lake lodziwika, ndipo gwerolo linali pakhomo panu musanalize n'komwe galimoto. Zimenezi zimakonzeka.

Ndiyambe ndi tayala, poti ndi limene likanatha kutenga moyo. Kuno ku Britain kalavani sipita ku MOT (kuyezetsa kwa chaka ndi chaka koona ngati galimoto ili yoyenera pamsewu), ndiye palibe amene amakukakamizani kuyang'ana matayala ake. Vuto lake n'lakuti tayala la kalavani silitha chifukwa choyenda, limatha chifukwa chokhala. Chaka chonse limayenda maulendo ochepa, kenako nyengo yozizira yonse laima malo amodzi, litasenza katundu mbali imodzimodziyo, dzuwa ndi chisanu zikuliuma. Mizere yake imaoneka yakuya bwinobwino ngati latsopano, koma labala yauma kale. Gwadani pansi muyang'ane m'mbali mwa tayalalo. Mupeza malembo akuti DOT, ndipo kumapeto kwake kuli manambala anayi. Mukaona 2317, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2017. Mabungwe a eni makalavani amalangiza kusintha matayala akakwana zaka zisanu, ndipo asapitirire zaka zisanu ndi ziwiri ngakhale akuoneka bwino chotani. Wogulitsa akamanena kuti "matayala ndi abwino, sinayende kwambiri", dziwani kuti mawu amenewo ndiye oti akuchenjezeni. Yang'ananinso lasipeya lomwe lili pansi pa kalavani, chifukwa nthawi zambiri limakhala la msinkhu womwewo. Mpweya muziyeza tayala lisanatenthe, motsatira buku la kalavaniyo osati mongoganizira, poti makalavani ambiri amafuna mpweya wochuluka kuposa galimoto. Ndipo tayala likangosinthidwa, imani mukayenda mamailosi 20 kapena 30 mumangitsenso mabawuti ndi sipanala yoyezera mphamvu ija. Gudumu la kalavani limatha kuchoka lonse mabawuti akamasuka.

Pa nkhani ya kampani ija, ndikumva kuwawa kwanu, koma zimenezi zachitikira anthu ambiri. Mapepala ambiri a chithandizo cha pamsewu amati galimoto ikafa adzakoka galimoto pamodzi ndi kalavani yake, koma chikawonongeka n'kalavani galimoto ili bwino, iwo sizikuwakhudza. Ena amaikanso malire a kutalika kwa chomwe angakoke. Musanalipire kulikonse, imbani foni mufunse mosapita m'mbali: tayala kapena gudumu la kalavani likawonongeka mubwera? Mudzatifikitsa kumalo komwe tikupita kapena mudzangotisiya kugalaja yapafupi? Galimoto ikafera kutchuthiko, kalavani ibwerera bwanji kunyumba? Yankho likhale lolembedwa. Mabungwe awiri akuluakulu ali ndi chithandizo chopangidwira anthu okoka makalavani: Caravan and Motorhome Club ili ndi Mayday, pomwe Camping and Caravanning Club ili ndi Arrival. Sindikuwatsatsira malonda, koma yerekezani zomwe iwo amalonjeza ndi zomwe zili papepala lanulo, muona kusiyana kwake.

Mwanena kuti munayamba kutulutsa jeke kuti musinthe nokha tayala m'mbali mwa M5, alamu n'kukuletsani. Alamu anachita bwino, ndipo apa ndikufuna aliyense m'gulu muno amve. Kwathu galimoto ikafa timathyola masamba n'kuyala mumsewu, wina n'kulowa kunsi ndi sipanala. Pa motorway zimenezo ndi imfa. Malole amadutsa mita imodzi kapena iwiri kuchokera pomwe mwagwadapo, mphepo yake yokha imagwedeza kalavani yomwe ili pa jeke. Chochita ndi ichi: patukirani kumanzere mpaka kumapeto, yatsani mahazadi, aliyense atulukire zitseko za kumanzere, mudumphe chitsulo chotchinga chija n'kukaima patali, kumtunda ngati kulipo. Ana agwireni padzanja. Asalowe m'kalavani kukabisala mvula, ngakhale akulira ndi kuzizira, chifukwa kalavani ikagundidwa kumbuyo imaphwanyika yonse, makoma ake ndi opyapyala kwambiri. N'chifukwa chake majekete, madzi akumwa ndi kachakudya ziyenera kukhala m'galimoto pafupi, osati m'kabati ya m'kalavani. Thirayango yochenjeza ija musaike pa motorway, buku la malamulo a pamsewu la Highway Code limaletsa. Pamisewu ina ndiye muiike mamita 45 kapena kuposerapo kumbuyo. Kenako imbirani National Highways, bungwe loyang'anira misewu ikuluikulu ku England, pa 0300 123 5000, kapena gwiritsani ntchito foni ya SOS ya m'mbali mwa msewu. Tizikwangwani tobiriwira ngati thambo tokhala ndi dzina la msewu, chilembo ndi nambala timene mumationa m'mbalimo ndi tomwe timawauza pomwe muli, muwawerengere zimenezo. Ngati mwafera pakati pa msewu ndipo simungatuluke bwinobwino, khalani m'galimoto malamba omanga, mahazadi oyaka, imbani 999 nthawi yomweyo.

Tsopano za injini kutentha. Simunatchule mtundu wa galimoto yanu, koma ndikukupemphani muyambe mwaona kulemera. Pafupi ndi chitseko cha kalavani pali kachitsulo kolembedwa MTPLM, kutanthauza kulemera kwake konse ikadzazidwa mpaka pamalire ololedwa. Langizo kwa oyamba kumene ndi lakuti nambala imeneyi isapose 85 peresenti ya kulemera kwa galimoto yopanda katundu. Galimoto ya makilogalamu 1,600 ikoke kalavani yosaposa makilogalamu 1,360. Limeneli ndi langizo chabe, koma malire omwe opanga galimoto analemba pakachitsulo ka galimotoyo ndiye lamulo, ndipo mukawapyola ngakhale a inshuwalansi akhoza kukukanani. Nanga ife tikamanyamuka timanyamula bwanji? Thumba la ufa, mpunga, mapoto akuluakulu, mabotolo a gasi awiri, tenti ya pakhonde ndi mapaipi ake, njinga za ana, madzi odzaza m'zigubu. Kalavani si lole ya matola, achimwene. Zambiri zimangololedwa katundu wa makilogalamu pafupifupi 150, ndipo batire ndi tenti zokha zimadya kale gawo lalikulu. Ufa nyamulani wokwana masiku amenewo basi, madzi mukatunga komweko. Ngati mukukayika, pitani pasikelo ya magalimoto ya m'dera lanu mukayezetse zonse zitapakiridwa, ndi ndalama zochepa.

Galimoto yoyenda bwino kuntchito tsiku ndi tsiku imatha kubisa matenda omwe amaonekera pokhapokha ikakoka tani imodzi ndi theka pachikweza kukutentha. Rediyeta yotsekeka pang'ono, fani yosazungulira nthawi yake, kapaipi kodontha, lamba wotha. Muuzeni makaniko wanu kuti galimotoyi imakoka kalavani, ayang'ane zimenezi ndi mabuleki omwe, makamaka pano poti inatenthapo kale. Mukaona muvi wa kutentha ukukwera muli pachikweza, tsitsani giya, zimitsani eyakoni, yatsani hita mpaka kumapeto mawindo otsegula. M'galimoto mutentha zedi, koma hitayo imachotsako kutentha kwa injini mpaka mupeze poima. Mukaima musatsegule chivindikiro cha madzi, amatuluka owira ndi mphamvu n'kukuwaulani nkhope ndi manja. Dikirani theka la ola kapena kuposa. Ngati nthunzi yatuluka kale, musaumirire kuti tingofika patsogolopa, pamenepo ndi pomwe gasiketi imapsa ndipo mtengo wake umaposa watchuthi chonse.

Pali chinthu china chomwe simunakumane nacho koma ndikufuna muchidziwe chisanafike, ndicho kalavani kuyamba kupepeluka uku ndi uku kumbuyo. Zimachitika kwambiri pamtsetse, kapena basi yaikulu ikamakudutsani, makamaka ngati katundu wolemera ali kumbuyo kwenikweni kwa kalavani. Mwendo umathamangira pabuleki wokha, koma musaponde. Chotsani phazi pamoto pang'onopang'ono, gwirani chiwongolero chilunjike, liwiro litsike lokha. Ena amati onjezera moto iwongoke, amenewo musawamvere. Kupewa kwake n'kupakira bwino: zolemera zikhale pansi, pamwamba pa magudumu, m'makabati a m'mwamba muzikhala zopepuka zokha. Kutsogolo komwe kumakolekedwa pagalimoto kuzilemera pakati pa 5 ndi 7 peresenti ya kalavani yonse, osapyola malire a chokokera chanu. Mutha kuyeza ndi sikelo ya kubafa, kuimikapo kamtengo pansi pa chokolekeracho. Liwiro nalo lili ndi malire ake mukamakoka: mamailosi 60 pa ola pa motorway ndi pa dual carriageway (msewu wogawidwa pakati, opita kwawo obwera kwawo), 50 pamisewu ina ya kunja kwa tauni, ndipo pa motorway ya mizere itatu kapena kuposa simuloledwa kulowa mzere wa kumanja kwenikweni. Magalasi owonjezera a m'mbali aja musawasiye, lamulo limafuna kuti muziona bwino kumbuyo kwa kalavani mbali zonse.

Ndingotchulako za laisensi chifukwa cha ena obwera kumene. Kuyambira Disembala 2021, ku England, Scotland ndi Wales, laisensi wamba ya galimoto imakulolani kukoka mpaka makilogalamu 3,500 popanda mayeso ena. Koma laisensi ya ku Malawi imagwira ntchito miyezi 12 yokha mukakhazikika kuno, ndipo siisinthidwa ndi ya kuno monga zimachitikira ndi ya ku South Africa kapena Zimbabwe. Miyeziyo ikatha muyenera kukhala mutakhoza mayeso a kuno.

Za njira, musamakhulupirire mapu a pafoni mukayandikira komwe mukupita. Iwo sadziwa kuti kumbuyo kwanu kuli nyumba. Ku Cornwall ndi ku Devon kuli timisewu tokwana galimoto imodzi, ndipo mipanda yobiriwira ya m'mbaliyo, yooneka ngati udzu ndi maluwa chabe, mkati mwake muli miyala. Mukaikhudza imang'amba khoma la kalavani. Eni malo ogona amalemba njira yoyenera makalavani, mamailosi omaliza tsatirani imeneyo. Misewu ina ndi yoti muidziwe ndi dzina: Sutton Bank pa A170 ku North Yorkshire makalavani ndi oletsedwa, Porlock Hill pa A39 ku Somerset ndi yotsetsereka koopsa ndipo pali msewu wina wolipira wolambalala, Hardknott Pass ku Lake District ndi Bealach na Bà ku Scotland musayerekeze n'komwe. Mukasochera n'kufika pothina, musalimbane ndi kubwerera m'mbuyo mpaka kilatchi inunkhe. Ngati malowo ndi athyathyathya, mangani buleki ya kalavani, imasuleni, muitembenuze ndi manja mothandizana.

Mukafika, magetsi akamangozima si kuti kalavani yawonongeka. Malo ambiri amapereka maampu 10 kapena 16 okha. Pa maampu 10 muli ndi mawati pafupifupi 2,300, pomwe ketulo ya kunyumba yokha imatha kudya 3,000. Gulani kaketulo kakang'ono, ndipo musayatse hita, ketulo ndi mayikulowevu nthawi imodzi. Koma chomwe ndikuchondererani kwambiri ndi cha makala. Timakonda kuwotcha nyama, ndipo usiku kukazizira kapena mvula ikayamba pamabwera maganizo olowetsa mbaula m'tenti ya pakhonde kuti itifunditse. Musatero, ngakhale makala akuoneka kuti azima. Amatulutsabe mpweya wa carbon monoxide womwe suoneka, sununkha, ndipo umapha anthu ali mtulo, ana ndiye amayamba kugonja. Mbaula igone panja patali ndi khomo, ndipo m'kalavani mukhale kachipangizo kochenjeza za mpweyawu kokhala ndi mabatire amoyo.

Kunena za alamu athu a kunyumba kwanuwo, mantha awo ndi omveka. Mayi amene waima maola angapo kuseri kwa chitsulo cha pa M5 atagwira ana, malole akudutsa, sangasinthe maganizo chifukwa choti mwawauza kuti zinali zangozi. Aonetseni zomwe zasintha: matayala atsopano ndi madeti ake, pepala latsopano la chithandizo, lisiti ya makaniko. Mabungwe awiri ndatchula aja amaphunzitsa kukoka ndi kubweza kalavani m'mbuyo, ndipo ngati nawonso amayendetsa, pitani limodzi. Ulendo wotsatira usakhale wa ku Cornwall Loweruka la mu Ogasiti, pamene M5 imadzaza ndi anthu opita ndi obwera kutchuthi. Kuchokera ku Leicester, Rutland Water ili pafupi, mutha kugona masiku awiri n'kubwerera osatopa. Akakanabe pambuyo pa zimenezo, pamenepo mukhale pansi mukambirane zogulitsa.

Musanapite kulikonse, kalavaniyo ionedwe kunsi kumbali yomwe tayala linaphulikira. Zidutswa za tayala zimamenya mwamphamvu, zimatha kuboola pansi, kudula mawaya kapena kupinda paipi ya gasi, ndipo bowo laling'ono pamenepo limalowetsa madzi mpaka matabwa a pansi kuwola. Gasi musayatse mpaka wodziwa ntchitoyo atayeza kuti sakutuluka penapake.