Bambo wa tsitsi lambiri uja wojambula mapiri pa YouTube

Sabata yatha mayi wina ananditumizira imelo. Akuti mwana wawo wa zaka 12 usiku uliwonse amabwereka foni n'kumaonera bambo wina wandevu, wa tsitsi lambiri lopotanapotana, amene amajambula mapiri ndi mitengo uku akulankhula motsitsa ngati akugoneka khanda. Mayiwo akufunsa kuti ameneyu ndani, akadali moyo kodi, nanga n'zoona kuti chithunzi chonse chija amachimaliza pa theka la ola, kapena ndi ukathyali wa kamera?

Mayi, ameneyo ndi Bob Ross wa ku America, ndipo anatisiya kalekale. Anamwalira pa 4 Julaye 1995 ndi khansa ali ndi zaka 52. Zimene mwana wanu akuonerazo ndi pulogalamu ya The Joy of Painting, yomwe inkaulutsidwa pa kanema wa PBS kuyambira 1983 mpaka 1994, zigawo 403 zonse pamodzi, zambiri zojambulidwira mu mzinda wa Muncie ku Indiana.

Ukathyali palibe. Penti wa mafuta amachedwa kuuma, choncho ambiri amadikira masiku asanapake wina pamwamba. Ross sankadikira. Ankayamba wanyowetsa nsalu yonse ndi penti woyera wamadzimadzi, kenako mitundu ina n'kumaitsetsereka pamwamba pakadali ponyowa. Bulashi yake inali yotambalala ngati yopentera khoma, ndipo chipale cha pa phiri ankachikoka ndi kampeni, kamodzi kokha, mopepuka. Njirayi anaiphunzira kwa Bill Alexander, mkulu wochokera ku Germany amene anali ndi pulogalamu yakeyake pa kanema.

Koma pali chimene kamera sinkaonetsa. Pafupifupi chithunzi chilichonse ankachijambula katatu. Choyamba ankachikonzeratu n'kuchiimika pambali kuti aziyang'anako, chachiwiri ndi chimene timaonachi, chachitatu chinali cha m'mabuku ake. Kufatsa kuja kunali kwa munthu wodziwa kale kumene akupita.

Ine chimandigwira mtima ndi mawu ake. Munthuyu anakhala zaka 20 m'gulu la asilikali a m'ndege, kuyambira 1961 mpaka 1981, ndipo anafika pa udindo wa sajeni wamkulu. Ntchito yake inali kukalipira anzake, kuwauza akolope zimbudzi, kuwazazira akachedwa. Potuluka analumbira kuti sadzakuwiranso munthu, ndipo anasungadi. Mapiri a chipale aja anawaona koyamba ali pa ntchito ku Alaska, popeza kwawo ku Florida kulibe. Tsitsi lija si lachibadwa ayi: analipotetsa ndi mankhwala pofuna kupulumutsa ndalama zometera, kenako linasanduka chizindikiro cha kampani yake, n'kulephera kulimeta ngakhale linamutopetsa.

Kunena chilungamo, zithunzi zake zimafanana kwambiri. Phiri, nyanja, mitengo, mwina kanyumba ka matabwa, koma anthu saonekamo kawirikawiri. Sindingamuike m'gulu la akatswiri aakulu. Komatu iye sankagulitsa zithunzi pa kanemapo. Ndalama ankapeza pa penti, mabulashi, mabuku ndi makalasi, ndipo chimene ankabwereza n'chakuti bulashi ikaphonya si kulakwa, ndi ngozi yabwino imene ungaisandutse chitsamba.

Mu 2015 Twitch, tsamba la pa intaneti loulutsira makanema, inaulutsa zigawo zonse za pulogalamuyi motsatizana, anthu mamiliyoni n'kuonera, ambiri mwa iwo obadwa iye atamwalira. Mu 2019 nyumba yosungira zakale ya Smithsonian inalandira zithunzi zake zingapo. Zambiri zili m'manja mwa kampani ya Bob Ross Inc., imene inakanganapo ndi achibale ake pa za mwini dzinali.

Mwana akafuna kuyesa, musamugulire penti wa acrylic, amauma msanga ndipo njirayi siitheka bwino. Mugulireni wa mafuta, koma azijambulira pakhonde, chifukwa mankhwala otsukira bulashi amanunkha mpaka kupweteketsa mutu.