Musathamangire kugula tabo ina, yambani mwaona timapaipi

Achimwene, mwati galimoto yanu yakale ija ya injini ya dizilo ya 1.9 TDI ikumafooka pachitunda, koma mukazimitsa n'kulizanso mphamvu zimabwerera, ndipo amakaniko akuti tabo yatha. Ine ndikukana. Tabo yakufa siidzuka chifukwa chopotokola kiyi. Pamenepo ndi kompyuta ya injini imene ikudula mphamvu dala, itaona kuti mpweya umene tabo ikukankha wachepa kapena wapyola muyeso. Mukalumikiza makina owerengera zovuta mudzapeza nambala 17964 ngati wachepa, 17965 ngati wachuluka.

Injini ya dizilo siipanga yokha vacuum (mphamvu yoyamwa mpweya) ngati ya petulo, ili ndi pampu yakeyake yoyendetsedwa ndi injiniyo. Vacuum yomweyo ndiyo imafewetsa mabuleki, imatsegula EGR (valavu yobwezera utsi mu injini), ndipo ngati tabo yanu ndi ya VNT (ya timapiko tosuntha mkati), imakokanso kachitsulo ka patabopo kosunthira timapikoto kudzera pa valavu ya N75. Ndiye paipi ya vacuum ikabooka pamalo amodzi, zonse zimavutika. Kodi buleki sikumalimba mukaponda kawiri katatu motsatizana? Ngati ikutero, yambirani paipi yaikulu yochokera papampu.

Timapaipi tating'ono tija ndi timene ndimatikayikira kwambiri. Ndi talabala tokutidwa ndi nsalu, ndiye timang'ambika mkati kunjaku kukuoneka bwinobwino, maso okha sangakuuzeni. Kagwireni kamodzikamodzi, mukapinde, makamaka kumapeto ndi pafupi ndi tabo pamene pamatentha. Kouma kapena kovuka mosavuta kachotseni. Pa galimoto ya zaka zimenezo ine ndimangosintha tonse, koma kamodzikamodzi kuti ndisasokoneze njira zake.

Kenako injini ikulira payokha, zulani kapaipi kopita kutabo. Kachitsulo kaja kayende pafupifupi sentimita imodzi mosakakamira, mukabwezera kabwerere. Ngati muli ndi geji yoyezera vacuum, pampu yabwino imakoka 25 inHg (muyeso wa pagejipo) kapena kupitirirapo, ndipo kachitsuloko kazifika pothera pa 18. Kakamakakamira vacuum ilipo, ndiye kuti mwaye wamanga mkati mwa tabo. Imeneyo ndi yotsuka, osati yotaya.

Utsi wakuda ndi kulira kwa fyuu mukaponda moto ndi nkhani ina, onani mapaipi akuluakulu a intercooler (choziziritsa mpweya wochokera mutabo), pong'ambika pamakhala ponyowa ndi oyilo. Fyuluta ya mafuta nayo muisinthe ngati yakhalitsa.

Mutiuze nambala imene makinawo atulutse, komanso ngati buleki ikulimba.