Akufuna nyimbo yanu, koma dzina likhale lake

Mnyamata wina wandilembera imelo. Wapeka nyimbo, woimba wina wotchuka waikonda, koma akufuna ilembedwe kuti ndi yake. Akufunsa ngati avomere, poti iyeyo palibe akumudziwa.

Achimwene, funso lanuli landiwawitsa mtima. Msuweni wanga ankapeka nyimbo za kwaya. Ina anaipereka kwa mkulu wina atangomupatsa ya minibasi ndi ya nsima yamasana. Nyimboyo inavuta pa wailesi ndi m'maukwati, mwini wake ali pakhonde la sitolo kupalasa makina osokera, akuimvera pa foni ya kasitomala. Akati ndinapeka ndine, anthu ankangoseka.

Ndiye tamvani za Dolly Parton, yemwe makolo athu ankamumvera limodzi ndi Kenny Rogers ndi Don Williams. Anabadwa mu 1946 kumapiri a ku Tennessee, m'banja losauka la ana 12, ndipo anapita ku Nashville mu 1964 atangomaliza sekondale. Mu 1973 anapeka "I Will Always Love You" potsanzikana ndi Porter Wagoner, yemwe ankaimba naye pa TV kuyambira 1967. Ambiri amayesa ndi yachibwenzi, chonsecho ndi yosiyirana ntchito! Elvis Presley anafuna kuijambula, koma manejala wake, Colonel Tom Parker, anati apatsidwe theka la umwini wa nyimboyo. Dolly anakana, ngakhale iye mwini amanena kuti analira.

Taganizani, kukanira Elvis. Ena amati kunali kudzimva, ine ndimati mayiyu ankadziwa kuwerengera. Mu 1992 Whitney Houston anaiimba mufilimu ya The Bodyguard, inakhala pa nambala wani ku America masabata 14, ndipo gawo la wopeka linapita kwa Dolly osagawana ndi a Parker.  

Tsono inu mutani?

Musavomere. Kuimba aimbe, dzina la wopeka likhale lanu. Kalembetseni nyimboyo ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, musanamutumizire pa WhatsApp, ndipo zomwe mugwirizane zilembedwe papepala, nonse musayine pali mboni. Akakana, m'siyeni apeke yake.