Lipoti layamikira kaputeni, nanga wakhumudwa chifukwa chiyani?

Bambo wina wa ku Santhe, m'boma la Kasungu, wanditumizira imelo. Mwana wawo ndi kaputeni wa asilikali, ndipo atabwera kutchuthi anawafotokozera zomwe mabwana analemba mu lipoti lake la pachaka: wolimbikira, wosunga mwambo, anyamata ake amamumvera. Bambowo anafuna kugwira tambala, koma mwini lipoti anangoti ndwii. Funso lawo ndi lakuti, kodi malipoti amenewa amawachonga bwanji, ndipo munthu woyamikiridwa chotere angadandaule chiyani?

Bambo, mwati mumalima fodya, ndiye tiyambire pa Chinkhoma. Mukudziwa kuti belo likhoza kukhala labwino m'maso mwanu, koma wogula amaliona lili pamzere ndi mabelo a anzanu. Lipoti la ofisala limawerengedwanso pamzere. Akuluakulu okweza maudindo amakhala ndi mulu wa mafayilo a anthu omwe ambiri sanawaonepo, ndipo pafupifupi fayilo iliyonse imati munthuyo ndi wolimbikira. Chomwe amasaka ndi ichi: pa makaputeni onse a bwana ameneyu, uyu ndi wachingati?

Asilikali athu anachokera ku King's African Rifles, yomwe gulu lake loyamba linasanduka Malawi Rifles mu 1964, choncho ndiyambe ndi kachitidwe ka ku Britain. Kumeneko lipoti la maofisala limatchedwa OJAR, ndipo amalemba ndi anthu awiri. Woyamba ndi bwana amene amaona ntchito ya munthuyo tsiku ndi tsiku. Wachiwiri ndi wamkulu wa bwanayo, amene amaona maofisala ambiri a udindo womwewo ndipo angathe kuwayerekeza. Magiredi amayambira pa A kutsika mpaka D, ndipo B amatanthauza kuti munthu akuchita zonse zoyembekezeka pa udindo wake. Kusukulu B ndi wonyadira naye. Apa B akungoti palibe cholakwika. Ndipo lipoti limasiyanitsa ntchito ya chaka chino ndi kuthekera kosenza udindo wapamwamba. Munthu akhoza kukhala kaputeni wabwino zedi, bwana wachiwiri uja n'kulemba kuti umeja, womwe ndi udindo wotsatira, adikire kaye. Ndikuganiza kuti nkhope ya mwana wanu inagwera pamenepa.

Aamerika anaona kuti mabwana amakonda kukomera aliyense mtima, ndiye anawamanga manja. Pa fomu ya DA 67-10, yomwe asilikali apamtunda anayamba kugwiritsa ntchito mu 2014, bwana wachiwiri amasankha limodzi mwa mabokosi anayi, ndipo lapamwamba, Most Qualified, sangalipereke kwa theka la maofisala a udindo umodzi omwe wawalembera. Ayenera kukhala pansi pa theka. Lotsatira limatchedwa Highly Qualified, dzina lokoma ngati uchi, koma wolandira amadziwa kuti anzake amupitirira. Mabwana ena amasungira bokosi lapamwambali ofisala amene fayilo yake yatsala pang'ono kupita ku bodi ya akuluakulu okweza maudindo, moti wachichepere amamanidwa ngakhale wagwira ntchito kuposa onse. Ine zimenezi sindizikonda, koma zimachitika.

Asilikali apamadzi a ku America amagwiritsa ntchito manambala, kuyambira 1.0 mpaka 5.0 pa khalidwe lililonse, ndipo 3.0 ndiye kukwanitsa muyezo. Chosangalatsa n'chakuti bwana nayenso amayezedwa. Amasunga avereji ya malikisi onse omwe iye wakhala akupereka kwa maofisala a udindo umodzi. Mwachitsanzo, 4.0 yochokera kwa bwana wouma manja amene avereji yake ndi 3.6 imalemera kuposa 4.2 ya bwana wopatsa amene avereji yake ndi 4.5. Mawu akuti Early Promote, kutanthauza kuti akwezedwe msanga, amaperekedwa kwa anthu osaposa 20 pa 100 alionse m'gulu.

Tsopano za kukambirana. Lipoti likalembedwa, bwana amaitana mwini wake mu ofesi, chitseko n'kutseka, n'kumupatsa kuti awerenge. Tsikuli siliyenera kukhala lodzidzimutsa. Ku Britain pamakhala kukambirana kwa pakati pa chaka, kotchedwa MPAR, kuti munthu amve zofooka zake nthawi yokonza ikadalipo. Kwa asilikali apamtunda a ku America, bwana ayenera kukhala pansi ndi ofisala m'masiku 30 oyambirira kuti agwirizane zomwe adzayezedwe nazo. Bwana amene wakhala chete miyezi yonse n'kudzakutulira katundu pa tsiku losainira ndiye walephera ntchito yake.

Kusaina nako kumasokoneza ambiri. Ku America siginecha imangosonyeza kuti waliona lipotilo. Sikuti wavomereza zonse. Kwa apamadzi, wosakhutira amaloledwa kulemba mawu ake kuti akhale mu fayilo, ndipo mwayiwu umakhalapo mpaka zaka ziwiri. Koma kalata yolembedwa mtima uli m'mwamba imadzawerengedwa ndi bodi yomweyo, zaka zitapita, mkwiyo utatha kalekale. Ndi bwino kuilemba pamene pali cholakwika chenicheni choloza ndi chala, monga ntchito yomwe inachitika koma sinatchulidwe.

Ndiye Bambo, musamufunse ngati anamuyamikira. Mufunseni kuti bwana wachiwiri anamuika pa nambala yanji mwa anzake, ndiponso ngati analemba kuti akwezedwe tsopano kapena m'tsogolo. Ngati iye mwini sanafunse zimenezi mu ofesi muja, akabwerera kukampu apemphe mphindi zochepa kwa bwana wake, kope lili m'manja, amve kuti omwe ali patsogolo pake akuchita chiyani chomwe iye sakuchita. Tambala uja mupheni basi, mwana wabwera kutchuthi.